Lupu, kafukufuku ndi chilolezo cha mayi amene amaphunzira mosiyana ndi ena

Mu Ogasiti 2025 nduna yaikulu ya dziko la Denmark, a Mette Frederiksen, anapepesa kwa amayi a ku Greenland chifukwa cha zimene madokotala a boma anawachita zaka zoposa makumi asanu zapitazo. Pakati pa 1966 ndi 1970, atsikana ndi amayi pafupifupi 4,500 a mtundu wa Inuit anaikidwa lupu m'chiberekero, ndipo ambiri mwa iwo sanafunsidwe maganizo kapena kuuzidwa chimene chinkalowetsedwa m'thupi mwawo. Ena anali ana a sukulu. Nkhani yotere ikafika pa mafoni kuno ku Zomba, imapeza mphekesera za lupu zilipo kale, ndipo anthu amasakaniza mafunso awiri osiyana: ngati kachipangizoka kali koopsa, ndiponso ngati mayi woikidwayo anamvetsa n'kuvomera yekha. Funso loyamba limayankhidwa ndi kafukufuku wa zaumoyo. Lachiwiri limalemera kwambiri pamene mayiyo ndi wosamva, wosaona, kapena ali ndi ulumali umene umachititsa kuti azimvetsa zinthu pang'onopang'ono, ndipo mbali yaikulu ya yankho lake ili m'kafukufuku wa aphunzitsi a maphunziro apadera, amene kawirikawiri sakumbukiridwa pa nkhani za kulera.

Lupu ndi chiyani

Lupu ndi kachipangizo ka pulasitiki yofewa, kooneka ngati chilembo cha T, kotalika masentimita osakwana anayi, kamene namwino, mzamba kapena dokotala wophunzitsidwa amakaika m'kati mwa chiberekero podzera pa khomo la chiberekero. Kumunsi kwake kuli tizingwe tiwiri topyapyala timene timatsala tikulendewera pang'ono kunja kwa khomolo kuti tidzagwiritsidwe ntchito pochotsa. Pa makadi a kuchipatala imalembedwa IUCD kapena IUD.

Ilipo ya mitundu iwiri. Yodziwika kwambiri m'zipatala za m'Malawi ndi ya mkuwa, yotchedwa Copper T 380A, imene yakulungidwa ndi kawaya ka mkuwa ndipo ilibe mankhwala ena alionse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati imeneyi imateteza mpaka zaka 12. Inayo imatulutsa homoni pang'onopang'ono. Mahomoni ndi mankhwala amene thupi limapanga lokha kuti aziyendetsa zinthu monga msambo ndi kukhwima kwa mazira, ndipo imene ili mu lupu imeneyi, yotchedwa levonorgestrel, ndi yopangidwa ndi anthu motsanzira ya m'thupi. Ndi yomweyo imene ili mu Jadelle, timachubu toika pamkono tija. Lupu ya homoni yotchedwa Mirena inayamba kugwiritsidwa ntchito ku Finland mu 1990, ndipo mu 2022 dziko la America linavomereza kuti ikhoza kukhala m'chiberekero mpaka zaka 8.

Njirayi si yatsopano. Dokotala wa ku Germany, Ernst Gräfenberg, ankaika mphete ya siliva m'chiberekero cha amayi m'zaka za m'ma 1920; Jack Lippes wa ku America anapanga yapulasitiki yopindikapindika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960; ndipo kumapeto kwa zaka zomwezo Jaime Zipper wa ku Chile anasonyeza kuti mkuwa umalepheretsa kutenga pathupi.

Mmene imalepheretsera pathupi

Kuti pathupi pakhale, mbewu ya abambo iyenera kudutsa pa khomo la chiberekero, kukwera m'chiberekero ndi kukakumana ndi dzira m'kachubu kochokera ku thumba la mazira. Lupu ya mkuwa imasintha timadzi ta m'chiberekero ndi m'timachubu timeneti kotero kuti mbewuyo imafooka, kulephera kuyenda bwino ndi kufa isanafike pa dzira. Mayi amapitiriza kutulutsa dzira ndi kusamba mwezi ndi mwezi, chifukwa mahomoni ake sanakhudzidwe. Lupu ya homoni imalimbitsa chikazi cha pa khomo la chiberekero kuti mbewu isadutse, komanso imapyapyalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, limene limatuluka ngati magazi a msambo; n'chifukwa chake amayi ambiri amene ali nayo amasamba pang'ono, ena n'kusiyiratu, popanda magazi kuunjikana kwina kulikonse m'thupi.

Akatswiri a zaumoyo amati ntchito yaikulu ya lupu imachitika dzira lisanakumane ndi mbewu, ndiponso kuti lupu sichotsa pathupi pokhazikika kale. Mipingo ina, kuphatikizapo wa Katolika, sivomereza njira zolerera za kuchipatala pa zifukwa za chiphunzitso chake, ndipo anthu ena amadera nkhawa kuti kusintha kwa m'kati mwa chiberekero kungalepheretse dzira lokumana kale ndi mbewu kukhazikika. Zimenezi ndi nkhani za chikumbumtima cha munthu, ndipo namwino wabwino amazimva popanda kunyoza kapena kukakamiza.

Ofufuza amadziwa bwanji zimene amanena

Aliyense amene anaonapo minda yoyeserera mbewu, monga ya ku Makoka pafupi ndi Thondwe, amadziwa kuti alangizi sangatame chimanga chatsopano chifukwa chakuti chinachita bwino m'munda wa mlimi mmodzi. Amadzala mitundu ingapo pa nthaka yofanana, feteleza wofanana ndi mvula yomweyo, kuti kusiyana kwa zokolola kuchokere ku mbewu basi. Kafukufuku wa njira zolerera amafuna chilungamo chomwecho, koma ndi wovuta chifukwa amayi amene amasankha lupu amasiyana kale ndi amene amasankha jakisoni, kaya pa msinkhu, chiwerengero cha ana, kapena khalidwe la amuna awo. Njira yodalirika kwambiri ndiyo kupempha amayi odzipereka kuti alole kupatsidwa njira yolerera mwa maere, kenako n'kuwatsatira kwa nthawi yaitali.

Izi n'zimene zinachitika m'kafukufuku wotchedwa ECHO, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Amayi 7,829 a ku Eswatini, Kenya, South Africa ndi Zambia, amene analibe kachilombo ka HIV, anagawidwa mwa maere m'magulu atatu: jakisoni wa Depo, lupu ya mkuwa, ndi timachubu ta pamkono. Funso linali lakuti kodi njira ina mwa zimenezi imachititsa mayi kutenga HIV mosavuta kuposa zinzake, ndipo ofufuza sanapeze kusiyana kwakukulu. Chimene anapeza n'chakuti m'magulu onse atatu amayi ankatenga kachilomboka pa mlingo wokwera, pafupifupi anayi pa 100 alionse pa chaka, umene uli umboni wakuti palibe njira mwa zitatuzi imene imalowa m'malo mwa kondomu kapena mankhwala oteteza ku HIV.

Pa za kupewa pathupi, ziwerengero zimene WHO imagwiritsa ntchito zimasiyanitsa kagwiritsidwe ntchito kolondola ndi kamene anthu amachita m'moyo weniweni, momwe munthu amaiwala, amadwala kapena amapeza mankhwala atatha. M'moyo weniweniwo, mwa amayi 100 amene akudalira kondomu ya abambo, pafupifupi 13 amatenga pathupi m'chaka choyamba. A mapilitsi ndi 7. A jakisoni ndi 4. Pomwe a lupu, ya mtundu uliwonse, sakwana mmodzi. Kusiyanaku sikuchokera kwenikweni pa mphamvu ya mankhwala, koma pakuti lupu ikaikidwa siifuna kukumbukiridwa. Mayi wa ku Chingale amene msewu wake umavuta m'dzinja, kapena wa pachilumba cha Chisi amene ayenera kukwera bwato kuti afike ku Kachulu, akhoza kuphonya tsiku la jakisoni wa miyezi itatu popanda kulakwa kwake.

Mantha a anthu nawo ali ndi pochokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku America kunkagulitsidwa lupu yotchedwa Dalkon Shield, imene chingwe chake chinali cha ulusi wambiri wophatikiza ndipo chinkathandiza tizilombo kukwera m'chiberekero. Amayi ambiri anadwala kwambiri, ena anamwalira, ndipo inaleka kugulitsidwa m'dzikolo mu 1974. Mbiri yoipa ya chipangizo chimodzi inaipitsa zonse kwa zaka zambiri. Malupu a masiku ano ali ndi tizingwe ta ulusi umodzi, ndipo kafukufuku wa WHO amene anatuluka mu 1992 anasonyeza kuti chiopsezo cha matenda a m'chiberekero chimakwera makamaka m'masiku 20 oyamba lupu itaikidwa, kenako n'kutsika. Tanthauzo lake n'lakuti vuto limachokera pa matenda opatsirana pogonana amene mayi anali nawo pa tsiku loika, kapena pa zipangizo zosatsukidwa bwino, osati pa kukhala ndi lupu kwa zaka.

Zovuta zenizeni ndi zongomva

Zovuta zenizeni zilipo ndipo siziyenera kubisidwa. Kuika kumapweteka, kwa ena pang'ono, kwa ena kwambiri, makamaka amene sanaberekepo. Lupu ya mkuwa imachulukitsa magazi a msambo ndi kupweteka kwa m'mimba, makamaka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, zimene si zazing'ono kwa mayi amene ali kale ndi magazi ochepa. Nthawi zina lupu imatuluka yokha, kawirikawiri m'miyezi yoyamba ndiponso pa nthawi ya msambo. Mwa apo ndi apo, pafupifupi kamodzi pa amayi 1,000, imaboola khoma la chiberekero poika, ndipo ikhoza kufunika opaleshoni kuti ichotsedwe. Mwina apa ndi pamene panachokera nkhani yakuti lupu imayenda m'thupi mpaka kumtima kapena kumutu, koma ngakhale itaboola, imakhala m'mimba momwemo, popeza palibe njira yochoka m'chiberekero kukafika kumtima imene kachipangizo kotere kangadutsemo.

Lupu siwumitsa mayi, ndipo ya mkuwa siyambitsa khansa. Ikachotsedwa, akhoza kutenga pathupi mwezi womwewo, kusiyana ndi jakisoni wa Depo amene amachedwetsa kwa miyezi ingapo. Bambo akamva tizingwe pogonana, namwino amatha kutidula kuti tifupike. Ngati mayi atatenga pathupi lupu ili m'kati, zimene sizichitikachitika, ayenera kupita kuchipatala msanga chifukwa mwayi wakuti pathupipo pakhala m'kachubu osati m'chiberekero umakhala wokwerako. Siikidwa kwa mayi woyembekezera, amene ali ndi matenda a m'chiberekero pa nthawiyo, amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, kapena amene ali ndi khansa ya khomo la chiberekero yosachiritsidwa. Mayi akangobereka, ikhoza kuikidwa m'maola 48 oyamba, apo ayi adikire milungu inayi.

Ngakhale zili choncho, amayi a m'Malawi amene amaisankha ndi ochepa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, wochitidwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti amayi 58 pa 100 alionse a pabanja ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera: 30 anali pa jakisoni, 12 pa timachubu ta pamkono, 11 anali otseketsa, ndipo a lupu anali mmodzi yekha pa 100. Jakisoni amaperekedwa ngakhale ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, pomwe lupu imafuna chipinda, zipangizo zophikidwa bwino, munthu wozolowera kuika, ndi mayi wolola kupimidwa kumaliseche, chinthu chimene ambiri amachita nacho manyazi.

Zimene lamulo likufuna

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limalamula wogwira ntchito zaumoyo kupereka njira zolerera kwa aliyense wozifuna, kaya ndi wa pabanja kapena ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kapena yekha. Limafunanso kuti apereke uthenga wonse wofunika kuti munthu asankhe, alembe mmene uthengawo waperekedwera ndiponso ngati wamveka, kenako alandire chilolezo cholembedwa asanachite kalikonse. Dziko la Malawi linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene limati anthu aulumali ali ndi ufulu wosankha chiwerengero cha ana awo, wolandira maphunziro a kulera oyenera msinkhu wawo, ndi wosunga mphamvu yawo yobereka mofanana ndi ena. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, choncho pa mzere uliwonse wa kulera, kaya ku Matawale kaya ku chipatala chachikulu cha Zomba, n'zosadabwitsa kupezapo mayi wotere.

Mfundo yovuta m'lamuloli ndi yakuti uthenga umveke. Chidindo cha chala pa pepala chimasonyeza kuti mayi analipo, osati kuti anamvetsa.

Zimene kafukufuku wa maphunziro apadera anapeza

Maphunziro apadera ndi kaphunzitsidwe kokonzedwa molingana ndi ana ndi akulu amene sapindula mokwanira ndi kaphunzitsidwe ka masiku onse. Aphunzitsi ambiri a ntchitoyi m'Malawi amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo masilabasi a sukulu, kuphatikizapo a phunziro la Life Skills limene limakhudza za kutha msinkhu, amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kafukufuku wambiri wa njira zophunzitsira zimenezi anachitikira ku America ndi ku Ulaya, koma mfundo zake zingapo sizifuna zipangizo zodula.

Yoyamba ndi kugawa ntchito m'tizigawo. Mu 1972 wofufuza wa ku America, Marc Gold, anatenga achinyamata amene ankaonedwa ngati osaphunzitsika chifukwa cha ulumali wa kaganizidwe, n'kuwaphunzitsa kumanga buleki ya njinga ya zidutswa 15. Ankawaonetsa sitepe imodzi pa nthawi, osachulutsa mawu, kuwongolera dzanja pamene lalakwitsa ndi kuchepetsa thandizolo pamene munthu wayamba kutha yekha, ndipo anaphunziradi. Aliyense amene anayesapo kubwezeretsa zitsulo za m'kati mwa gudumu la kumbuyo la njinga akudziwa kuti si ntchito yamasewera. Chiphunzitso cha Gold chinali chakuti wophunzira akalephera, choyamba kuunikidwa chikhale kaphunzitsidwe, osati mutu wa wophunzirayo. Kuchokera nthawi imeneyo, kafukufuku wambiri wasonyeza kuti kuphunzitsa molunjika, mfundo imodzi pa nthawi, ndi chinthu chogwirika m'manja, kubwereza pa masiku osiyana, ndi kupatsa wophunzira mphindi yoganiza asanathandizidwe, kumapindula kuposa kufotokoza zambiri kamodzi n'kuyembekezera kuti atolamo yekha.

Yachiwiri ndi imene iyenera kudetsa nkhawa aliyense wotenga chilolezo. Mu 1981 Carol Sigelman ndi anzake anafunsa anthu a ulumali wa kaganizidwe mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, ena mwa iwo otsutsana, ndipo ambiri anavomera mbali zonse ziwiri. Munthu amene sanamvetse funso, kapena amene wazolowera kudzudzulidwa akalakwitsa, amapeza kuti kuvomera ndi njira yachidule yothetsera zokambirana. Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa mwana amaleredwa kuti asatsutse wamkulu, ndipo ngakhale mayi wopanda ulumali uliwonse akafunsidwa ndi munthu wa yunifolomu kuti "Mwamva?" amayankha kuti "Eya" maso ali pansi. N'chifukwa chake aphunzitsi a maphunziro apadera amapewa funso lotere, m'malo mwake amapempha wophunzira kuti anene m'mawu ake, aloze, kapena achite chimene waphunzira. A zaumoyo nawo anatengera njira yofananayo, yopempha wodwala kubwereza yekha zimene wauzidwa.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa kafukufuku wa mbali ziwirizi kumene kuyenera kudziwika. Wa lupu amawerenga amayi zikwizikwi, pomwe wa maphunziro apadera nthawi zambiri amatsatira anthu ochepa kwambiri, chifukwa ophunzira ake amasiyana kwambiri mwakuti n'kovuta kupeza mazana ofanana. Wofufuza amayesa munthu mmodzi kangapo asanamuphunzitse, n'kuyamba kuphunzitsa, n'kumayesabe. Ngati kusintha kukuoneka pokhapokha maphunziro akayamba, ndipo zikubwerezeka kwa munthu wachiwiri ndi wachitatu amene anayamba pa nthawi zosiyana, ndiye kuti njirayo ndi imene yachititsa. Umu ndi mmene Eileen Dukes ndi Brian McGuire a ku Ireland anachitira m'kafukufuku amene anatuluka mu 2009, pophunzitsa akuluakulu anayi a ulumali wa kaganizidwe, mmodzimmodzi, za thupi, kugonana ndi kudziteteza. Onse anayi anawonjezera luso lawo lopanga chisankho pa nkhanizi. Anthu anayi sangayankhulire dziko lonse, koma zotsatirazo zimagwirizana ndi mfundo yakuti kutha kupereka chilolezo si chinthu chimene munthu amangobadwa nacho kapena kusowa mpaka kalekale, chifukwa kwa ambiri chimakula akaphunzitsidwa moyenera.

Zithunzi zokha sizokwanira. Kafukufuku wa timabuku ta mawu osavuta ndi zithunzi wapereka zotsatira zosakanikirana, ndipo timathandiza kwambiri pamene pali munthu wokambirana ndi wowerengayo. Chithunzi cha chiberekero chodulidwa pakati, chimene namwino amachiona chomveka, kwa munthu amene sanaphunzire sayansi chikhoza kuoneka ngati mutu wa mbuzi. Kwa mayi wosamva, Chichewa cholembedwa nthawi zambiri ndi chinenero chachiwiri pambuyo pa chinenero chamanja, ndipo ngati womasulira ndi mlamu wake kapena mwana wake, chinsinsi chimatha ndipo mafunso ena safunsidwa n'komwe. Bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likulimbikitsa kuti pakhale omasulira ophunzitsidwa. Kwa mayi wosaona, chopinga si nzeru koma kuti uthenga uli pa khoma, ndipo chimachoka akapatsidwa lupu yachitsanzo kuti aigwire.

Mmene zingaonekere m'chipinda cha namwino

Tiyerekeze mayi wa zaka 24, wapabanja, wa mwana mmodzi, amene amamvetsa zinthu pang'onopang'ono ndipo wabwera ndi mayi ake omubereka. Namwino amayamba ndi kupempha kholo mwaulemu: "Mayi, ndiloleni ndicheze nawo kaye paokha, ndikuitanani posachedwa." Atatsala awiri, sayamba ndi lupu koma ndi funso lotseguka: "Achemwali, mwana winayo mukumufuna liti?" Yankho likakhala lakuti asachedwe, nkhani ya njira ya zaka zambiri imasintha pomwepo. Likakhala lakuti apume kaye, namwino amayala pa tebulo mapilitsi, botolo la jakisoni, timachubu ndi lupu, n'kumulola kugwira chilichonse. Amapinda timanja ta lupu kuti mayiyo aone kufewa kwake, amamugwiritsa tizingwe, n'kuonetsa pa chidole cha chiuno pamene imalowa ndi pamene imakhala.

Kenako amanena mfundo zochepa, imodziimodzi: imaletsa mimba, poika pamapweteka, msambo ukhoza kuchuluka, siletsa matenda, mukaifuna ichoke, tichotsa. Pa mfundo iliyonse amaima n'kunena kuti: "Ine nthawi zina ndimafotokoza mothamanga. Tandiuzeni, mukakafika kunyumba mukawauza chiyani abambo a mwana za kachinthu aka?" Mayiyo akayankha kuti, "Anesi, kakalowa sikatulukanso," namwino wadziwa pamene pavuta, ndipo amaonetsanso pa chidole, kukoka tizingwe mpaka lupu itatuluka, n'kumupatsa kuti akoke yekha. Ngati zinthu sizinamveke tsiku limenelo, palibe chokakamiza kuika lero. Akhoza kupatsidwa njira ina ya kanthawi n'kubwera sabata yamawa. Zonsezi zimadya nthawi, ndipo namwino amene panja pali mzere wofika pa mtengo wa mango sangapatsidwe mlandu wonse akafupikitsa. Apa ndi pamene mphunzitsi wa maphunziro apadera, amene amadziwa kale mmene wophunzira wake amamvera zinthu, angathandize poyala maziko a za thupi ndi msambo zaka zambiri mtsikana asanafike kuchipatala.

Funso la makolo

Makolo amene amapempha kuti mwana wawo wamkazi waulumali aikidwe njira yolerera kawirikawiri amakhala ndi zifukwa zitatu: kuvutika kwa mtsikanayo pa nthawi ya msambo, mantha akuti wina amugwirira n'kumupatsa mimba, ndi nkhawa ya amene adzalere mwanayo iwo atakalamba. Kafukufuku amayankhapo zina mwa izi momveka. Pa za msambo, mitundu iwiri ya lupu imachita zosiyana: ya homoni imachepetsa magazi kwambiri ndipo madokotala amaigwiritsa ntchito ngati mankhwala a msambo wochuluka, pomwe ya mkuwa ikhoza kuwonjezera vutolo. Pa za khunyu, limene anthu ambiri a ulumali wa kaganizidwe alinso nalo, mankhwala monga phenobarbital, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapilitsi olerera ndi timachubu ta pamkono, monganso amachitira rifampicin wa TB, koma sakhudza lupu ya mtundu uliwonse. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene madokotala amaitchulira kwa amayi otere.

Pa za kugwiriridwa, lupu imaletsa mimba yokha. Siletsa nkhanzayo, siletsa HIV, ndipo olimbikitsa ufulu wa anthu aulumali amachenjeza kuti ikhoza kubisa nkhanza imene mimba ikanaulula. Mtsikana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala m'maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo njira zopewera mimba mwadzidzidzi, kuphatikizapo lupu ya mkuwa, zimagwira ntchito m'masiku asanu. Nkhaniyo iyeneranso kukafika ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit.

Chotsala chimene anthu sagwirizana ndi chakuti ndani asankhe pamene mtsikana kapena mayi sangathe kumvetsa ngakhale ataphunzitsidwa mwa njira zonse. Ena amati kholo kapena womuyang'anira, pamodzi ndi dokotala, asankhe chimene chingamuthandize, popeza ndiwo amasenza mtolo tsiku ndi tsiku. Pangano la United Nations lija limakokera ku mbali yakuti munthu athandizidwe kusankha yekha, ndipo pamene mawu palibe, patsatidwe zimene iye amaonetsa kuti akufuna kapena akukana. Michelle McCarthy wa ku England atacheza ndi amayi 23 a ulumali wa kaganizidwe m'kafukufuku amene anatuluka mu 2009, anapeza kuti ambiri sankadziwa mmene njira yawo yolerera imagwirira ntchito, ndiponso kuti ganizo loyamba kulera linachokera kwa anthu ena, ngakhale kuti anali amayi otha kulankhula ndi kufotokoza za moyo wawo. Choncho gulu la amene sangathedi kusankha ndi laling'ono kuposa gulu la amene safunsidwa.

Poyerekeza ndi kutseketsa, kumene sikubwezedwa, lupu imachotsedwa m'mphindi zochepa, koma mayi sangaichotse yekha monga angasiyire mapilitsi. Ayenera kupita kwa wa zaumoyo n'kunena. Kwa mayi wosamva kapena wovutika kulankhula, zimenezi zikutanthauza kuti asanachoke m'chipinda akhale atayeserera mmene adzapemphere, kaya ndi chizindikiro cha manja kaya poloza pa khadi lake, akhale akudziwa zizindikiro zomubweza kuchipatala msanga monga kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, chikazi chonunkha kapena kuona lupu itatuluka, ndiponso kuti pa khadipo palembedwe mtundu wa lupu, tsiku loika ndi chaka chochotsa. Ulendo woyamba wokaonedwa umakhala pakatha msambo woyamba, kapena pakati pa milungu itatu ndi isanu ndi umodzi, ndipo pa ulendo umenewo namwino amafunsanso mayiyo payekha ngati akuifunabe.